Kope la agogo a ku Leeds

Pamudzi wina wa kufupi ndi Calómuè, mbali yoyang'ana phiri la Dedza, pali nyumba ya njerwa zootcha imene idakhala zaka ziwiri denga lake lili theka malata, theka udzu. Anthu opita kumsika ankati akafika pamenepo amapalasa njinga pang'onopang'ono kuti aione bwino. Ena ankati mwana wa gogo wa panyumbapo waiwala kwao. Ena ankati ndalama za ku Ulaya n'chizimalupsa, zimagwa kamodzi n'kuleka. Palibe ndi mmodzi yemwe akadavomera atauzidwa kuti malata aja adaimitsidwa ndi masewera a pa wailesi ya kanema.

Mwana wa gogoyo ndi mai wamkulu ndithu tsopano. Adathawa ndi makolo ake mu 1986, nkhondo itavuta ku Angónia, ali m'kalasi yachitatu. Adakakhala mbali ya Malawi monga adachitira anthu oposa miliyoni imodzi a dziko lino. Sukulu ya kumeneko adangoilawa. Sukulu yake yeniyeni idali pa Lizulu, pomwe msewu wa tala ndiwo malire, kugulitsa kachewere, kabichi ndi tomato. Amene adachitapo malonda pamalire akudziwa mutu umene umafunika. Wina akulipira makwacha, wina mametikali, ndipo masiku amenewo metikali tinkaiwerenga m'zikwizikwi, boma lisadachotse maziro atatu aja mu 2006. Ukachedwa kuwerengera, wogula wapita kwa mnzako. Ukafulumira molakwa, phindu la tsikulo lapita ndi wogula. Mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992 makolo adabwerera kumudzi, iye adatsala chifukwa adali atakwatiwa. Mu 2004 adatsatira mwamuna wake ku Britain, mumzinda wa Leeds. Mwamunayo adamwalira komweko, ndipo kuyambira pamenepo pakamwa pa anthu a kumudzi ndi pa ana ake omwe padayang'ana iye yekha.

Mu 2016 adapeza ntchito imene anzake ankamchitira nayo kaduka. Idali yosamala nkhalamba imodzi yokha, m'nyumba mwake, masiku asanu ndi limodzi pa sabata. Padalibe zogona kuntchito, padalibe zothamangira mabasi kuchoka nyumba iyi kupita nyumba iyo. Adamlemba ndi mwana wamkazi wa nkhalambayo, amene ankakhala kutali ku London. Nkhalambayo idali ya zaka 84. Pa unyamata wake idagwira ntchito yosanja zilembo zachitsulo kunyumba yosindikizira mabuku, chimodzichimodzi ndi zala, mawu ali chagada. Mai uja adayamba kuitchula kuti agogo, ndipo agogowo atafunsa tanthauzo lake adalikonda dzinalo.

Tsiku loyamba lomwe adauzidwa lamulo la panyumbapo. Chakudya cha masana chithe 2 koloko isadakwane. Nthawiyo ikakwana, lamya ikalira isayankhidwe, wogogoda pakhomo adikire. Agogo ankakhala pampando wao, kope pamwendo, pensulo m'dzanja, n'kutsegula Channel 4 kuti aonere pulogalamu yotchedwa Countdown.

Masewerawo sachititsa chidwi poyamba. Mulibe kuvina, mulibe mpira, mulibe mphoto ya galimoto. Anthu awiri amakhala pamipando, kumbuyo kwao kuli koloko yaikulu. Mmodzi amaitanitsa zilembo zisanu ndi zinai, osaziona, kumangonena kuti ndipatseni cha liwu, ndiko kuti a, e, i, o, u, kapena chopanda liwu. Za liwu zisachepere zitatu, zopanda liwu zisachepere zinai. Zikaikidwa pabolodi, koloko imayamba kuyenda ndi kanyimbo kake kothamangitsa mtima, ndipo m'masekondi 30 aliyense apeze mawu a Chingerezi aatali kwambiri ochokera m'zilembozo, chilembo chilichonse kuchigwiritsa ntchito kamodzi. Wa mawu aatali ndiye amalandira mapointi, chilembo chimodzi pointi imodzi, winayo n'kutuluka chimanjamanja. Womaliza zilembo zonse zisanu ndi zinai amalandira 18. Maina a anthu ndi a malo saloledwa, ndipo pambali pamakhala mai wina, Susie Dent, amene wakhala akuweruza ndi dikishonale ya Oxford kuyambira 1992. Akati mawuwo mulibe, mulibe basi, ngakhale ulumbire kuti kwanu amanena choncho.

Kenaka pamabwera masamu. Amasankha manambala asanu ndi imodzi. Aakulu alipo anai okha, 25, 50, 75 ndi 100. Aang'ono ndi 1 mpaka 10, iliyonse kawiri. Makina amatulutsa nambala ya m'mazana, ndipo ntchito ndi kuifika pophatikiza, kuchotsera, kuchulukitsa kapena kugawa, m'masekondi 30 omwewo. Si lamulo kugwiritsa ntchito manambala onse. Wolasa pakati penipeni amalandira 10, wophonya ndi 5 kapena kucheperapo amalandira 7, wophonya mpaka 10 amalandira 5. Kumapeto kuli mawu amodzi a zilembo zisanu ndi zinai zosokonezedwa dala, woyamba kuwazindikira alize belu. Wopambana amabweranso mawa lake, koma akapambana kasanu ndi katatu amapumitsidwa kudikira mpikisano wa akatswiri. Mphoto imene opambana ankainyadira masiku amenewo idali tipoti, inde, kambiya kofuliramo tiyi.

Agogo ankaidziwa mbiri yake ngati ya mtundu wao. Idayamba pa 2 Novembala 1982, tsiku limene Channel 4 idatsegulidwa, ndipo ndiyo idali pulogalamu yoyamba kuoneka pamenepo. Nzeru yake idachokera ku France, kwa Armand Jammot, amene adayambitsa masewera a mawu mu 1965 n'kuonjezamo masamu pambuyo pake. Kwa zaka zambiri inkajambulidwa mu Leeds momwemo, ndipo agogo ankalankhula za Richard Whiteley, amene adaiyendetsa mpaka imfa yake mu 2005, ngati mnansi wao amene adasamuka. M'kabati mudali mulu wa makope. Tsamba lililonse lidali ndi mizere iwiri, wa agogo ndi wa malemu akazi ao. Kuyambira 2012 mzere wachiwiri udali wopanda kanthu, koma agogo ankaulembabe ndi lula tsiku ndi tsiku.

Miyezi iwiri yoyamba mai uja ankangokhala pambali akupinda zovala. Chingerezi chake chidali cha m'basi ndi cha kuchipatala, chokwanira kufunsa njira ndi kuwerenga botolo la mankhwala. Zilembo zikamaikidwa ankangoona ngati nyemba zamwazika pabwalo. Koma manambala ankamuitana. Tsiku lina padatuluka 100, 50, 9, 7, 6 ndi 2, ndipo yofunika idali 839. Owerenga atha kuimika kaye apa n'kuyesa okha. Agogo adachulukitsa 100 ndi 9, adapeza 900, n'kuyamba kuchotsera 50, kuchotsera 7, kuchotsera 2, mpaka adaima pa 841 nthawi n'kutha. Mai uja, thaulo lili m'manja, adangomva pakamwa pake patuluka mawu.

"Agogo, chotsani kaye 6 pa 100 paja."

"Wati bwanji?"

"Matumba 9, lililonse 100. Wogula wanenerera, mwamchotsera 6 pa thumba. Ndiye 94 kasanu ndi kanai, 846. Mwamchotseranso 7 ya basi. Yatsala 839."

Pa kanema, Rachel Riley, mtsikana wophunzira masamu ku Oxford amene adayamba ntchitoyo mu 2009, adali akulemba zomwezo pabolodi. Agogo adavula magalasi, adamyang'ana mai uja nthawi yaitali, kenaka adang'amba pepala n'kumpatsa pamodzi ndi pensulo yachiwiri. Zovala zidapindidwa madzulo.

Kuyambira tsiku limenelo mzere wachiwiri udapeza mwini. Pa masamu mai uja ankawagonjetsa agogo kanai pa kasanu, ndipo agogo sadavomereko ndi mtima wonse, ankati ndi mwai wa pamsika. Pa mawu ndiye padalibe mpikisano. Munthu wosanja zilembo zaka 40 ankangoyang'ana kamodzi mawu n'kudzisanja okha. Pofuna kuti masewera akome, adagwirizana kuti iye aziloledwa mawu a Chichewa, malinga afotokoze tanthauzo lake ndi kulumbira kuti sadapeke. Apa mpamene adazindikira chinthu chimene sadachiganizepo chibadwire, kuti chinenero chathu n'chosusuka pa zilembo za liwu. Mawu athu onse amathera pa a, e, i, o kapena u, pamene Chingerezi chimaunjika zopanda liwu ngati nkhuni. Opikisana a kumeneko akaitanitsa zitatu zokha za liwu, wa Chichewa amatsala m'madzi.

Tsiku limene onse awiri ankakonda kulikumbuka ndi limene padatuluka N, M, A, S, I, T, E, K ndi R. Iye adaona NSIMA nthawi yomweyo, poti njala ya nsima simatha ku Ulaya, kenaka adaona MSIKA n'kulemba. Agogo adalemba MARKETS. Atafunsa tanthauzo la mawu a mnzao n'kumva kuti ndi chinthu chomwecho, adaseka mpaka kutsokomola. Zilembo zomwezo, anthu awiri obadwira kutali ndi kutali, onse n'kukathera kumsika. Susie Dent adapeza MISTAKEN, zilembo zisanu ndi zitatu, ndipo mai uja adaphunzira mawu atsopano onena za munthu amene walakwitsa. Mawu otere ankawalemba kuseri kwa kope lake. Pofika 2018 ankatha kuwerenga makalata a boma popanda kuitana mwana wake.

Agogo adali ndi nthano imodzi imene ankaibwereza mwezi ndi mwezi, ya mnyamata wina amene mu 1997 adapatsidwa 25, 50, 75, 100, 3 ndi 6 kuti afike pa 952. Adaphatikiza 100 ndi 6, adachulukitsa ndi 3 kukhala 318, adachulukitsanso ndi 75 kukhala 23,850, anthu n'kuyamba kuseka poganiza kuti wasochera. Adachotsa 50, adagawa ndi 25, yankho n'kukhala 952 ndendende. Agogo ankaifotokoza ndi manambala ake onse osaphonya ndi imodzi yomwe.

Chizindikiro choyamba chidaonekera pa nthano yomweyo. Idali Novembala 2018, kunja kukuda 4 koloko. Agogo adafika pa 318 n'kuima. Adayang'ana kudenga, adaseka pang'ono, n'kunena kuti tiyi wazizira. Sabata yotsatira adalemba mawu okhala ndi E awiri pamene pabolodi padali E mmodzi, cholakwa chimene iwo eni ankanyoza nacho opikisana a pa kanema. Tsiku lina adapereka mawu a dzulo pa zilembo za lero. Tsiku lina koloko idatha pepala lili loyera, pensulo ili m'mwamba.

Mwana wao akaimba lamya Lamulungu, agogo ankalankhula bwinobwino za nyengo ndi za mpira, mphindi khumi, ndipo mwanayo ankatseka lamya mtima uli m'malo. Dokotala ankawaona miyezi ingapo kamodzi, kuyeza magazi, basi. Matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene madokotala amati dementia, amabisala chotero pachiyambi. Munthu amasunga ulemu wake ndi moni wake pamene zam'kati zikugumuka. Kuno kwathu nkhalamba yotere timangoti yasokonezeka, ndipo ikapezeka usiku pakhomo pa eni itasochera, pamakhala ena othamangira kunena za ufiti, chonsecho ndi ubongo umene ukudwala monga limadwalira bondo kapena diso. Ku Leeds umboni wonse udali m'kope, ndipo wodziwa kuliwerenga adali mmodzi. Usiku wina mai uja adatenga makope a zaka zitatu n'kuwonkhetsa monga ankachitira ndi ndalama za kachewere. Mu 2016 agogo ankapeza mapointi a m'ma 60 pa tsiku. Kumayambiriro kwa 2018 adali m'ma 50. Disembala ameneyo sankafika 30.

Adadziwa tanthauzo lake, adadziwanso mtengo wake. Mwana wa agogo adanena kale poyera kuti bambo ake akadzafika posatha kukhala okha usiku, adzawapititsa kunyumba yosungirako okalamba, nyumba yao n'kugulitsidwa. Ntchito ikadathera pomwepo. Kumudzi, malata 16 adali atakhomedwa mu Okutobala mvula isadayambe, ndipo 14 otsala adalonjezedwa kuti abwera mvula ikatha. Mwana wa mchemwali wake adali atangoyamba sekondale ku Ulónguè ndi ndalama zomwezo. Kunena kudali ngati kudula nthambi imene wakhalira.

Adakhala chete miyezi iwiri, ndipo sikudali kungokhala chete. Popeza maso a agogo ankatopa, ntchito yolemba mapointi idali itagwera iye, tsono adayamba kuonjezera. Agogo akapeza mawu a zilembo zinai, iye ankalemba 6. Pa masamu ankachedwa dala, n'kunena kuti zamkanika, yankho lili m'mutu kuyambira sekondi yachisanu. Mumtima ankadziuza kuti akuwasungira ulemu agogo, ndipo mwina theka lake zidali zoona. Munthu amene adadyetsapo banja ndi ntchito imodzi asafulumire kumuweruza. Koma usiku agogo ankatsala okha m'nyumba ya masitepe ndi chitofu cha gasi, ndipo iye ankadziwa zimenezo pokwera basi madzulo alionse.

Amene adathetsa bodzalo ndi agogo eni ake. Lidali tsiku la Febuluwale 2019, limodzi mwa masiku amene mutu wao unkayera ngati kumwamba mvula itakata. Pulogalamu itatha adapempha kope, adatsegula masamba a m'mbuyo, chala chikuyenda pamzere wao pang'onopang'ono monga ankayendetsera pa zilembo zachitsulo pofuna cholakwika.

"Mwana wanga, dzulo ndidapeza 58?"

"Ndi zimene zalembedwa, agogo."

"Sindidafunse zimene zalembedwa. Zaka 40 ntchito yanga idali kugwira zolakwa za anthu papepala. Sindikumbuka mawu a dzulo, koma ndikudziwa kuti munthu wopeza 58 amagona mosangalala. Ine sindidagone mosangalala."

Mai uja adayang'ana pansi.

"Mkazi wanga sadandipatseko pointi yaulere ndi tsiku limodzi lomwe. Tenga labala."

Adafufuta pamodzi masamba amene akadatha kukumbuka. Usiku womwewo adaimbira mwana wao ku London, ndipo Loweruka adamuyalira makope patebulo, a 2016, a 2018 ndi latsopanolo, malo ofufutidwa akuoneka. Sadabise kuti ofufutidwawo adali manambala ake. Mwanayo adalira, kenaka adakwiya, adafunsa chifukwa chimene sadauzidwire Khirisimasi isadafike, ndipo padalibe yankho lokoma loti apatsidwe. Adatenga makopewo kupita nao kwa dokotala. Mu Epulo agogo adasamutsidwa.

Mai uja adabwerera ku ntchito ya mabasi, nyumba zisanu ndi imodzi pa tsiku, theka la ola pakhomo lililonse, malipiro osadziwika mwezi ndi mwezi. Adasankha sukulu ya mwana uja, malata n'kudikira. Adawaimbira amai ake kuwafotokozera.

"Amai, denga lichedwa."

"Mbali ya udzu ndiyo yozizira bwino nthawi yotentha. Iwe ukudya?"

Lachitatu lililonse akapeza mpata ankapita kukaona agogo cha m'ma 2 koloko. M'chipinda chochezera cha kumeneko kanema ankakhala pa Countdown yomweyo, nkhalamba khumi zitazungulira, zina zikugona. Agogo sankalembanso, koma kanyimbo ka koloko kakayamba zala zao zinkayenda pamwendo ngati zikusanja kanthu. Dzina lake adaliiwala, ankangomutchula kuti mai wa kumsika. Mu Malichi 2020 nyumba zotere zidatsekedwa kwa alendo chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo agogo adamwalira chaka chomwecho iye asadawaonenso. Patapita milungu ingapo padafika phukusi lochokera ku London. Mudali kope lomaliza lija ndi mapensulo awiri, popanda kalata. Malata 14 adakhomedwa mu Okutobala chaka chomwecho.

Mu 2022 adabwera kudzaona amai ake. Pamudzipo palibe magetsi, tsono madzulo ena adadula katoni ya sopo m'tizidutswa, adalembapo zilembo ndi makala, n'kuitana ana pansi pa mtengo wa pichesi. Koloko idali mnyamata wina woimba chidebe ka 30. Lamulo la ku Britain lidasinthidwa tsiku loyamba lomwe, za liwu zikhale zinai kapena zisanu, apo ayi palibe chotuluka. Padabuka mkangano ngati ng' ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri, ndipo sudathe. Padaonekanso kuti zilembo zisanu ndi zinai, zimene Angerezi amaziombera m'manja, kwa ife si kanthu, chifukwa mawu amodzi amanyamula nkhani yathunthu. Kamtsikana ka m'kalasi yachinai kadasanja SITIKUDYA n'kulandira 18, anzake n'kumati kanena zoona poti nsima idachedwa tsiku limenelo. Dikishonale adali gogo mwini nyumba, atakhala pamphasa akusola chimanga. Ana akabweretsa mawu a Chipwitikizi a kusukulu, ankangopukusa mutu osatukula maso, ndipo mlandu unkathera pomwepo.

Tsiku lomaliza mai uja adalemba pansi ndi kamtengo 100, 50, 9, 7, 6 ndi 2, pambali pake 839. Ana a sekondale adagwada n'kuyamba kukanda dothi, chidebe chikulira. Adawawerengera amai ake manambalawo mokweza, poti gogoyo sadapondeko m'kalasi. Chidebe chisadafike pa 20 gogo adalankhula, manja ali pachisononkho.

"Matumba 9 a 94, uchotsepo 7. Koma iwe, 50 ndi 2 watsalayo ukumsiyira yani?"